MWANA WATHU WAPITA KU SUKULU YA MADOTOLO, KOMA SADZABAYA JAKISONI

Inu makolo ndi abale a m'midzi, tamverani nkhani ya mwezi uno, pakuti ikhudza nyumba zambiri zimene ziri ndi ana a ku sekondale. Caka ndi caka, pamene maina a ana osankhidwa kupita ku sukulu za ukacenjede aturuka, pali mabanja amene ayimba nthungululu cifukwa mwana wao waitanidwa ku sukulu ya zacipatala. Atate agulitsa mbuzi, amai akazinga mtedza wa kamba, amalume apereka ndarama ya ulendo, ndipo mudzi wonse uti: "Tapeza dotolo wathu." Ipita miyezi, mwana uja abwera kudzapumula. Agogo ace amuonetsa mwendo wotupa nati: "Mdzukulu wanga, undibaye jakisoni." Iye ayankha mwaulemu: "Agogo, mawa ndikuperekezani ku cipatala, pakuti ine za jakisoni sindiphunzira ai. Koma mundilole ndikaone citsime cimene mutungapo madzi." M'mawa mwace anthu amuona alikuwerenga mapazi kucokera pa citsime kufikira pa cimbudzi ca kuseri, nalemba m'kabuku kace. Pamenepo atate agwa mphwayi, nadzifunsa mumtima: "Kodi mbuzi zanga ndidagulitsira zimenezi?"

Tifuna kuyankha funso la atatewo. Mwana wao aphunzira digiri ya umoyo wa anthu onse, imene pa Cingerezi aichula Public Health. Tiyerekeze kuti fisi walowa m'khola usiku napweteka mbuzi. M'mawa munthu wina amanga mabala a mbuziyo kuti isafe. Ameneyo ndiye dotolo, ndipo nchito yace njofunika ndithu. Koma mnzace ayenda mozungulira khola kufunafuna pamene fisi adaboola, natsekapo dzuwa lisanalowe; ameneyo ndiye wa umoyo wa anthu onse. Dotolo aciza munthu mmodzi amene wagona patsogolo pace. Uyu wodwala wace ndi mudzi wonse, ngakhale boma lathunthu, pamodzi ndi anthu amene lero akali kulima ndi kuseka osadziwa kuti nthenda iri pakhomo.

MJIGO WA KU LONDON

Kuti mumvetse bwino nzeru imeneyi, tibwerere ku caka ca 1854, ku mzinda wa London, m'dziko la England. Kumeneko, m'dera lochedwa Soho, kolera adabuka mwaukali kumapeto kwa mwezi wa August, ndipo m'masiku khumi okha anthu oposa 500 adafa. Masiku amenewo ngakhale anthu ophunzira adali kukhulupirira kuti nthendayi ibwera ndi mpweya woipa wa zinthu zoola. Koma kudali dotolo wina dzina lace John Snow amene sadabvomereze zimenezo. Iye adayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene anthu omwalirawo adali kumwa madzi, ndipo atalemba nyumba za maliro pa mapu, kudaoneka poyera kuti imfa zidaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mu mseu wochedwa Broad Street.

Tsono taonani kucenjera kwace: sadafunse za akufa okha, koma adafunsanso za otsala. Pafupi ndi mjigowo padali nyumba yophikira mowa, ndipo anchito a m'menemo sadadwale, pakuti sadali kumwa madzi a pa mjigo uja. Komanso kutali, ku Hampstead, kumene kudalibe mliri, kudamwalira mai wina wamasiye. Pofufuza kudapezeka kuti iye adali kukonda kukoma kwa madzi a ku Broad Street, ndipo adali kumtengera m'botolo pa ngolo. Snow adafotokozera akuru a deralo, iwo nazula cogwirira ca mjigo kuti anthu aleke kutungapo. Nzoona kuti mliri udali utayamba kale kucepa cifukwa anthu ambiri adathawa. Koma pambuyo pace mbusa wa pamalopo, Henry Whitehead, amene poyamba adali kutsutsa Snow, adapeza kuti madzi ocapira matewera a khanda lodwala adali kutayidwa m'dzenje la zonyansa limene lidali pafupi kwambiri ndi citsime ca mjigowo. Madziwo adali oyera m'maso ndi okoma pakamwa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana athu a umoyo wa anthu onse aphunzira nkhani imeneyi, pakuti m'menemo muli nchito yao yonse: kufunsa, kuwerenga, kuyerekeza, ndi kutseka njira ya nthenda.

ZIMENE APHUNZIRA PA ZAKA ZINAI

Digiri yoyamba imeneyi kawirikawiri itenga zaka zinai. Poyamba mwana aphunzira maziko: m'mene thupi la munthu lidapangidwira ndi m'mene ligwirira nchito, ndiponso tizirombo tosaoneka ndi maso timene tidzetsa matenda. Aona pa galasi lokuza zinthu kacirombo ka malungo kali m'magazi, ndi mazira a likodzo ali m'mkodzo. Aphunzira kuti udzudzu unyamula malungo, nkhono za m'madzi zisunga likodzo, ndi nchenche zitenga zonyansa za kuchire kudzazitula pa nsima.

Pambuyo pace afika pa mtima wa maphunzirowa, ndiko kulondola mapazi a nthenda ndi kuwerengera. Apa mpamene ana ambiri adabwa, pakuti adayesa kuti masamu adawasiya ku sekondale. Tiyerekeze midzi iwiri. M'mudzi woyamba mwadwala anthu 20, m'mudzi waciwiri anthu 10. Munthu wosaphunzira athamangira ku mudzi woyamba. Koma wophunzira ayamba wafunsa kuti m'midzimo mukhala anthu angati. Ndipo akamva kuti woyamba uli ndi anthu 1,000 pamene waciwiri uli ndi anthu 200, adziwa kuti kwina adwala 2 mwa anthu 100 ali onse, kwina 5 mwa anthu 100, ndipo kuti moto waukuru uli ku mudzi waung'ono uja. Pamene mankhwala ali ocepa ndi galimoto iri imodzi, kuwerenga kotere ndiko kunena kumene thandizo liyambire.

Tiyerekezenso kuti pa ukwati padasonkhana anthu 100, ndipo m'mawa mwace 30 atsegula m'mimba. Mudziwa nokha zimene zicitika m'midzi mwathu: anthu ayamba kunong'onezana, ndipo posacedwa cala ciloza nkhalamba ina imene sidaitanidwe ku phwandolo. Mwana wa umoyo wa anthu onse atenga kabuku kace nafunsa munthu ali yense, wodwala ndi wosadwala yemwe, zimene adadya ndi zimene adamwa. Apeza kuti nsima ndi nyama adadya onse, cotero mlandu suli pamenepo. Koma thobwa la mu mtsuko wina adamwa anthu 40, ndipo mwa iwo 28 adwala. Mwa anthu 60 amene sadamweko, adwala 2 okha. Afunsa madzi osungunulira thobwalo kumene adacokera, ndipo apezeka kuti adatungidwa ku dambo. Kuwerenga kwace kwapulumutsa mudzi ku madzi oipa, kwapulumutsanso nkhalamba ija ku mlandu wa ufiti.

Aphunziranso za madzi, zimbudzi ndi ukhondo wa m'misika: kuti cimbudzi cikumbidwe kunsi kwa citsime, osati kumtunda kwace, ndi kuti citalikirane naco mamita 30 kapena kuposa, kuti madzi akumwa athiridwe mankhwala a kolorini kapena awiritsidwe, nasungidwe m'cotengera cobvundikira. Aphunzira za kadyedwe, ndi cifukwa cace mwana wokhuta phala la mgaiwa lokha atha kupinimbira ngakhale nkhokwe iri yodzaza. Aphunzira za ucembere wabwino, za katemera ndi m'mene asungidwira pozizira kucokera ku mzinda kufikira ku sikelo ya pansi pa mtengo. Aphunzira kuyendetsa nchito za cipatala ndi kugawa cuma cace cocepa. Ndipo pali phunziro lina lobvuta koposa onsewa, ndilo kulankhula ndi anthu: pakuti nkwapafupi kugawa masikito, koma nkwapatali kuti munthu agone m'masikitomo osakawapha nao usipa ku nyanja kapena kuchingira dimba.

Si zonse aphunzirira m'kalasi ai. Atumizidwa ku midzi ndi ku maofesi a zaumoyo a pa boma kuti akaphunzire ndi manja, nayenda ndi alangizi a zaumoyo amene muwadziwa. M'caka comariza ali yense asankha funso lace lace, monga cifukwa cimene amai a dera lakuti aleka kupita ndi ana ku sikelo katemera asanathe. Apempha cilolezo kwa akuru a sukulu, kwa amfumu ndi kwa munthu ali yense wofunsidwa, nasonkhanitsa mayankho, nawawerengera, nalemba buku limene aphunzitsi ace adzaliyesa. Cotero mukaona mnyamata kapena mtsikana wa kabuku afika pakhomo panu ndi mafunso ambiri, mpatseni mpando. Mwina mwana wanu alikucita comweco pa khomo la eni ace.

CIFUKWA NINJI APHUNZIRIRA PAMODZI NDI MADOTOLO?

Ku Malawi kuno sukulu yaikuru ya boma ya zacipatala ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene idayamba nchito m'caka ca 2021 polumikiza College of Medicine, yotsegulidwa m'caka ca 1991, ndi Kamuzu College of Nursing, yotsegulidwa m'caka ca 1979. M'kati mwace muli cigawo cathunthu ca maphunziro a umoyo wa anthu onse, ndipo iri ndi malo ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mangochi, kumene ophunzira akhala akupita kukaona matenda a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ku Thyolo, pafupi ndi cipatala ca Malamulo, kuli sukulu ya zaumoyo ya pansi pa Malawi Adventist University imene iphunzitsa digiri imeneyi. Ndipo abale athu a ku Zambia ali ndi Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka, kumene iphunzitsidwanso.

Ubwino wophunzirira pa sukulu yotere ndi uwu: mwana akhala pafupi ndi cipatala, ndipo aona ndi maso ace kumene njira ya nthenda ithera. Amene waona khanda litalowa liwombo cifukwa ca kutsegula m'mimba sadzayesanso nkhani ya cimbudzi ngati nkhani yocepa. Komanso adyera pamodzi ndi amene adzakhala madotolo, anamwino, oyesa magazi ndi osunga mankhwala, ndipo adziwana ndi kumvana cinenero; tsiku la mliri adzakumananso onsewo pa bwalo limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Koma tisabise bvuto lace. Pa sukulu ya madotolo ulemu waukuru upita kwa obvala mkanjo woyera, ndipo mwana wa umoyo wa anthu onse nthawi zina adziona ngati wotsalira. Ena adalowa m'maphunzirowa cifukwa malo a udotolo adacepa. Akabwera kwao napezanso makolo ali okhumudwa, mtima wace ufooka kawiri. Nchito imeneyi iri ndi cinsinsi cowawa: ikayenda bwino, palibe cooneka. Wocira pa mpeni wa dotolo abwera ndi nkhuku kudzathokoza. Koma mwana amene sadadwale cikuku cifukwa katemera adafika pa nthawi yace sadziwa n'komwe kuti pali wina woti amthokoze.

ZIMENE TAONA M'DZIKO MWATHU

Agogo ambiri akumbukira nthomba, ndipo ena akali ndi cipsera ca katemera pa mkono. Nthenda imene idapha ndi kucititsa khungu anthu osawerengeka idatha pa dziko lonse lapansi, ndipo Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse lidalengeza zimenezi m'caka ca 1980. Sidathe ndi mankhwala ociza, pakuti padalibe; idatha ndi katemera ndi kulondola wodwala ali yense. Alangizi a zaumoyo a m'midzi mwathu ciyambi cao ndi comweco: adayamba ngati otemera nthomba, pambuyo pace nakhala othandiza pa kolera.

Kawerengedwe ka boma ka m'caka ca 1992 kadaonetsa kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo ku Malawi, 234 adali kumwalira asanakwane zaka 5. Kawerengedwe ka m'zaka za 2015 ndi 2016 kadapeza 63. Manja ambiri adagwirapo pamenepa, koma gawo lalikuru ndi la zinthu zosaoneka zazikuru m'maso: katemera, masikito, madzi a thanzi a mwana wotsegula m'mimba, sikelo, ndi mankhwala oteteza khanda ku kacirombo ka HIV. M'caka ca 2019 Malawi adali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, Ghana ndi Kenya natsatira. M'caka ca 2022 Bungwe lija lidabvomereza kuti Malawi wagonjetsa trakoma, nthenda ya maso imene ipindira zikope m'kati mpaka munthu acita khungu.

Koma fisi sagona. M'caka comweco ca 2022 kudapezeka ku Lilongwe mwana wopuwala ndi poliyo, nthenda imene ambiri adayesa kuti idapita kale, ndipo otemera adayendanso khomo ndi khomo m'dziko lonse. Ndipo m'mwezi wa March, namondwe Ana atagumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime, kolera adabuka ku Machinga nafalikira m'maboma onse. Pofika m'caka ca 2023 adali atagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa koposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Ndipo m'mwezi wa January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidacedwa kutsegulidwa. Madotolo ndi anamwino adagwira nchito usana ndi usiku m'misasa ya odwala. Koma kunja kwa misasayo kudafunika anthu ena: owerenga odwala tsiku ndi tsiku kuti adziwe kumene mliri ulowera, oyesa madzi, ogawa kolorini ndi katemera, ndi okhala pansi ndi mafumu kukambirana nkhani yowawa ya kasambitsidwe ka maliro ndi cakudya ca pa siwa. Nchito ya Snow ija idagwiridwanso pakati pathu, patapita zaka zoposa 160.

ZOTI MUDZIWIRETU

Coyamba, m'mera mpoyamba. Sukulu za ukacenjede za boma zifuna mwana amene wakhoza bwino maphunziro 6 pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Cingerezi. Ndipo sukulu za zacipatala ziyang'ana kwambiri masamu ndi maphunziro a sayansi. Cotero mwana wofuna njira imeneyi asathawe sayansi akali m'makalasi a pansi. Mau awa tinenera ana akazi ndi ana amuna cimodzimodzi. Ndipo pa nkhani za ucembere ndi za ana, amai a m'mudzi amasuka msanga kwa mkazi mnzao. Amene ali kale pa nchito ya zaumoyo ndipo ali ndi dipuloma, sukulu zambiri ziri ndi khomo lao lolowera kuti akweze maphunziro.

Caciwiri, safunsa adadya phula. Musanapereke ndarama ku sukulu iri yonse, funsani ngati sukuluyo ndi digiri imene mwana afunayo nzobvomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ukacenjede, la National Council for Higher Education. Bungwe lomwelo ndilo liyendetsa kasankhidwe ka ana opita ku sukulu za boma, ndipo liturutsa mndandanda wa maphunziro amene alipo caka cimeneco. Muuwerenge pamodzi ndi aphunzitsi akuru a mwana wanu. Pepala la sukulu yosabvomerezeka lidya mbuzi zonse za m'khola osabweza kanthu.

Cacitatu, za ndarama. Zaka zinai nzazitali, ndipo kuonjezera pa fizi pali cakudya, pogona ndi maulendo a ku midzi. Boma liri ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Mwana apemphe msanga, ndipo adziwe kuti imeneyo ndi ngongole yodzabweza, kuti ang'ono ace adzathandizidwenso. Banja likhale pansi ndi amalume ndi azakhali caka coyamba cisanayambe, osadikira kuti mwana abwezedwe pakati pa njira.

Cacinai, digiri imeneyi siipatsa munthu mphamvu yakuyesa odwala, kulemba mankhwala kapena kucita opareshoni. Mwana amene mtima wace uli pa kugwira wodwala ndi manja, mlangizeni alowe unamwino kapena udotolo. Ndipo womariza maphunzirowa musamkakamize kubaya jakisoni kuseri kwa nyumba kuti mudzi umtame. Kuteroko nkulakwira malamulo ndi kuika moyo wa munthu pa ngozi.

Cacisanu, nchito siidikira pa cipata ca sukulu. Ena aipeza ku maofesi a zaumoyo a boma, ena ku zipatala za misoni za pansi pa Christian Health Association of Malawi, ena ku mabungwe othandiza anthu kapena ku malo a kafukufuku. Koma alipo amene ayembekeza miyezi yambiri, nayamba ndi nchito yongodzipereka kapena ya kanthawi, ndipo ena atumizidwa kutali ndi kwao. Nthawi imeneyo mwana afuna cipiriro ca makolo ace koposa nthawi ina iri yonse.

Tsono inu atate amene mudagulitsa mbuzi, mwana wanu akabweranso kudzapumula, musamcititse manyazi pamaso pa alendo ponena kuti "uyu ndi dotolo wosabaya." Mtsateni ku citsime, mumgwirire cingwe coyesera, ndipo akanena kuti cimbudzi cisunthidwe, tengani khasu inu poyamba, kuti anansi aonere kwa inu. Mvula ikadzagwa, madambo nadzadzaza, ndipo mwezi wa February nudzatha m'mudzi mwanu musanamveke mfuu wa maliro a mwana, palibe amene adzabwera ndi nkhuku kudzathokoza. Koma inu mudzadziwa kumene mbuzi zanu zidapita.